Mphindi zochepa zokha, akuti £100? Musathamangire kulipira

Anzanga a ku England, kalata ya kampani yoyang'anira malo oimika galimoto isakunjenjemeretseni. Si chindapusa cha khonsolo kapena apolisi ayi. Kampaniyo ikungoti mwaphwanya zolembedwa pachikwangwani chake.

Makamera awo amajambula nthawi yolowa ndi yotuluka basi, osati yomwe galimoto inaimadi. Komanso malamulo awo omwe amakupatsani mphindi zisanu m'malo ambiri, zoti muwerenge chikwangwanicho n'kutuluka ngati simukufuna.

Ine ndimati musalipire kaye, chifukwa mukalipira nkhani yatha. Alembereni masiku 28 asanathe, muikepo ndi zithunzi. Akakana, kadandauleni ku POPLA ngati ali mamembala a BPA, kapena ku IAS ngati ali a IPC. N'zaulere.

Koma kungoiponya kalatayo m'dirowa nde ayi, zimatha kukafika kukhoti.