Chikalata chitaposa mawu a mfumu

Pamene Harry Johnston anayamba kupereka zikalata za umwini wa malo kwa azungu mu 1892, m'dziko limene lero ndi Malawi, mafumu a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje ankadziwa kuti mlendo amapatsidwa polima, osati dziko. Lamulo la ku England linkanena zina: wokhala ndi chikalata ndiye mwini nthaka mpaka kalekale, ndipo angathe kuigulitsa.

Mu 1902 boma la Britain linakhazikitsa khoti lalikulu loweruza potsata malamulo a ku England. Malamulo a makolo ankamveka pokhapokha woweruza wachizungu akaona kuti sakusemphana ndi chilungamo.

Zikalata zambiri zinalidi ndi mawu oteteza midzi ndi minda imene inalipo kale. Koma mlimi wa masiku amenewo ankasiya munda nthaka ikaguga, ndipo akangokaswa mphanje pena, chitetezo chinkathera pomwepo. Alomwe ochokera ku Mozambique analibe n'komwe chitetezocho. Onsewa ankalipira malo okhala ndi thukuta lawo m'minda ya azungu. Mawu akuti thangata, amene kale ankatanthauza kuthandizana ntchito, anasanduka dzina la ntchito yokakamiza, limodzi mwa madandaulo amene anautsa John Chilembwe ndi anthu ake mu 1915.