Dzuwa la ku Salima likupsereza ndi makina a magemu omwe

Mwezi wa Okutobala ukafika ku Salima munthu sachita kufunsa ngati chilimwe chafika pachimake. Pofika 10 koloko m'mawa mchenga wa ku Senga Bay umakhala utayamba kale kuwotcha mapazi, ndipo pa Kamuzu Road amene amamwetulira ndi ogulitsa madzi ozizira basi.

Pali gulu lina lomwe nyengoyi imalisowetsa mtendere. Awa ndi eni timashopu ta magemu, momwe anyamata amalipira kuti asewere mpira wa pakanema, komanso makolo omwe anagulira ana awo PlayStation kapena Xbox. Gemu ili mkati, wina akutsogola ndi chigoli chimodzi, makina amayamba kulira ngati chigayo, kenaka n'kuzima okha. Kwa mwana ndi kukhumudwa chabe, koma kwa mwini shopu ndi ndiwo za tsikulo zomwe zapita.

Gwero la vutoli lalembedwa m'kabuku komwe ambiri sitiwerenga, kapenanso sitinakaone n'komwe poti makina ambiri kuno amabwera ogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Joni kapena ku Dubai. Kampani ya Sony imati PlayStation izigwira ntchito pamalo otentha pakati pa madigiri 5 ndi 35. M'mbali mwa nyanja, masiku ena a Okutobala ndi Novembala kunja kumafika madigiri 35 kapena kuposa apo. Nanji m'kachipinda ka malata kopanda siling'i, momwe mwadzaza anyamata khumi ndipo zenera latsekedwa ndi nsalu kuti kanema azioneka bwino!

Makinawo paokha ndi mbaula. PlayStation 5, yomwe inatuluka mu 2020, imadya mphamvu ya magetsi pafupifupi mawati 200 ikamasewera gemu yolemera, ndipo pafupifupi yonseyo imasanduka kutentha, ngati mababu awiri akale aja a mawati 100 atatsekeredwa m'bokosi. Mkati muli kafani komwe kamakoka mpweya wa panja, n'kuudutsitsa pa tizitsulo totentha, kenaka n'kuutulutsira kumbuyo. Mpweya wolowawo ukakhala wotentha kale, kapena njira yake ikatsekeka, kafaniko kamathamanga kwambiri, n'chifukwa chake phokoso lija. Zikakanika, makina amalemba uthenga pakanema woti atentha kwambiri ndipo amadzizimitsa okha podziteteza.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri chomwe chimapha makinawa ndi chisamaliro chathu chomwe. M'nyumba zambiri katundu wodula amafunditsidwa kansalu koluka kuti asalowe fumbi. Ena amatsekera makinawo m'kabati yagalasi poopa ana aang'ono, ndipo m'mashopu ena amawakhomera m'bokosi lamatabwa lokhala ndi loko poopa akuba. Maganizo ndi abwino, koma makina oyaka ali m'bokosi amangopuma mpweya wawo womwe wotentha. Kansalu kaja kali ndi ntchito pokhapokha makina atazimitsidwa ndipo azizira.

Kuti kutentha si nkhani yamasewera, funsani kampani ya Microsoft. Xbox 360 yomwe inatuluka mu 2005 inkafa mwaunyinji, ikuonetsa timagetsi titatu tofiira kutsogolo. Kutentha ndi kuzizira mobwerezabwereza kunkathyola malo olumikizira tizipangizo ta mkati. Mu 2007 kampaniyo inapatula ndalama zoposa 1 biliyoni ya madola a ku America zokonzera makinawo. Anthu ena panthawiyo ankakulunga Xbox yakufa m'thaulo kuti itenthe kwambiri, ati idzuke. Inkadzukadi kwa masiku ochepa, kenaka n'kuferatu.

Kupewa kwake sikulira ndalama zambiri. Makina akhale pathebulo kapena pashelefu yotseguka, osati pamkeka, pamatiresi kapena pansi pomwe pamayenda mchenga. Sony imalangiza kusiya mpata wa masentimita osachepera 10 kuchoka pakhoma, womwe ndi pafupifupi kutambalala kwa chikhatho cha munthu wamkulu. Asasanjikizidwe pamwamba pa dikoda kapena ampulifaya, poti nazonso zimatentha, ndipo asakhale pomwe dzuwa lolowera pazenera limamenya. Fani ya m'nyumba siziziritsa mpweya, koma imathandiza kuchotsa wotentha womwe umaunjikana kuseri kwa makina. Mwini shopu yemwe wayala mphasa kunsi kwa malata ngati siling'i wathandiza makina ndi makasitomala omwe.

Fumbi ndiye mdani wamkulu, makamaka kuyambira nthawi ya mwera mpaka mvula yoyamba. Limamatirira pa tizitsulo ta mkati mpaka kuoneka ngati thonje la ku Chitala. Kamodzi pa sabata zulani nthambo kumagetsi, pukutani ndi nsalu youma ndipo sesani timabowo ndi kaburashi kofewa. Zivindikiro za PlayStation 5 zimachoka popanda sikuludiraiva, ndipo kunsi kwake kuli timabowo tochotsera fumbi. Mphemvu nazo zimakonda kufunda ndi mdima wa mkati mwa PlayStation 4, ndipo zikakhudza mbali yolandira magetsi zimaipsereza. Nyenyeswa za mandasi zisamakhale pafupi, komanso musapopere mankhwala ophera tizilombo mkati mwa makina.

Makina akazima okha musawaike m'firiji kapena kuwafunditsa nsalu yonyowa. Mpweya wa kunyanja uli ndi chinyezi, ndipo chinthu chozizira chikatuluka panja chimachita thukuta ngati botolo la Fanta, mkati ndi kunja komwe. Ingozimitsani, dikirani mpaka pulasitiki yazizira, ndipo ngati n'kotheka apumitseni masana dzuwa likakhala paliwombo. Kwa mwini shopu izi n'zowawa poti ana oweruka kusukulu amafika nthawi yomweyo, koma ola limodzi lotayika silingafanane ndi mtengo wa makina ena.

PlayStation 4 inatuluka mu 2013, choncho zoyambirira zadutsa zaka khumi. Pa msinkhu umenewo phala lomwe amapaka pakati pa chipangizo chachikulu ndi chitsulo choziziritsira limakhala litauma, ndipo makina amapitiriza kulira ngakhale mutachotsa fumbi lonse la kunja. Imeneyo ndi ntchito ya wokonza makompyuta, ndipo pokatenga makinawo muuzeni awayatse ndi kuseweretsa gemu inu mukumvetsera musanalipire.