Mbatata za masika ndi buku la msungichuma ku Dedza

Lamulungu la masika, kutsogolo kwa guwa m'matchalitchi a kumapiri a Dedza kumadzaza ngati pamsika wa Bembeke. Matumba a mbatata ya kachewere, ndowa za nyemba, madengu a chimanga ndi nkhuku zomanga miyendo zimaunjikana pamenepo. Mapemphero akatha, atumiki amawerenga, zina n'kugulitsa, zina n'kupita kunyumba ya abusa. Mayi amene wasenza dengu kuchokera kumudzi amabwerera ali ndi funso limene kawirikawiri sayerekeza kulifunsa mokweza: zonsezi zalembedwa pati?

Kale funsoli silinkavuta chonchi. Amishoni a Dutch Reformed, amene anayamba ntchito ku Mvera mu 1889, anatsegula Mphunzi mu 1903. Ansembe a White Fathers anakhazikika ku Mua mu 1902 asanakwere phiri kukamanga Bembeke. Malipiro a amishoniwo ankachokera kwawo. Zinthu zinatembenuka mu 1962 pamene ulamuliro ndi katundu wa mishoni zinaperekedwa ku Sinodi ya Nkhoma. Kwa Akatolika, maepiskopi a m'bungwe la AMECEA, la mayiko a kum'mawa kwa Africa, anagwirizana mu 1973 kuti Mpingo udziimire pawokha, ndipo lero mtulo ndi chakudya cha ansembe zimasonkhedwa m'miphakati.

Choncho mphika wa mbusa uli m'manja mwa mlimi, pamene mlimiyo ndalama amazigwira akakumba mbatata basi. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale mbale ya chopereka imapepuka, koma maliro sadikira. Abusa amayenerabe kuthira petulo m'njinga yamoto kuti akafike ku nthambi za kuseri kwa phiri, ndipo ana awo amafunanso fizi. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza anakwera kwa wopereka, sopo ndi shuga n'kukwera kwa wolandira. Mbusa wakumudzi amene amadandaula za malipiro ochedwa sakhala wadyera ayi; amanena zoona.

Koma akhristu nawonso ali ndi pobuula. Pali chakhumi, malonjezo a pamwezi, pepala sande, za chitukuko, kenaka mwezi wa dera lawo wokachezera abusa. Kumene maina ndi ndalama zimawerengedwa pagulu, mayi wamasiye amene wabwera ndi K500 amakhala chowerama. Chizolowezi chimenechi n'chofunika kuchisiya, chifukwa chimathawitsa anthu amene mpingo unayenera kuwayandikira koposa.

Mipingo ya anthu akuda ku America inakumana ndi nkhani yomweyi ya kasamalidwe ka chopereka kalekale. Mpingo wa African Methodist Episcopal, umene Richard Allen anautsogolera kuyambira mu 1816 ku Philadelphia, uli ndi magulu awiri a akhristu wamba: lina losamala chopereka ndi malipiro a mbusa, lina loyang'anira nyumba ndi malo a mpingo. Mpingowu unafika kuno ku Malawi mu 1924 kudzera mwa Hanock Msokera Phiri wa ku Kasungu. 

Dongosolo loti akhristu wamba azisamala nawo chuma cha mpingo si lachilendo ku Dedza. Ku CCAP chuma chimadutsa mwa atumiki, msungichuma ndi bwalo la akulu a mpingo. Ku parishi kuli tchalitchi khonsolo yogwira ntchito ndi bambo mfumu. Kumene anthu awiri kapena atatu amawerengera limodzi, kusaina, n'kulengeza zolowa ndi zotuluka, manong'onong'o amachepa ndipo mbusa amatetezedwa ku mabodza.

Chatsopano ndi foni. Ana a ku Linthipe ndi ku Lobi amene ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg amatha kutumiza chakhumi pa Mpamba kapena Airtel Money. Ndalama yotero sidutsa m'mbale, atumiki saiona, ndipo nambala ikakhala ya munthu mmodzi, msungichuma amalemba zimene wauzidwa.