Woimba Amadya Pomaliza

Pa Mponela, m'mbali mwa msewu wa M1, pali timashopu ta anyamata obena nyimbo. M'kati mumakhala kompyuta imodzi, benchi, ndi sipika yoyang'ana kunja imene sipuma chiyambire m'mawa. Wakabaza amabwera ndi memore khadi, mayi wogulitsa tomato amabwera ndi foni yake ya mabatani, aliyense n'kutchula zimene akufuna: zauzimu, zachikondi, za ku Zambia. Amalipira kangachepe, nyimbo zambirimbiri n'kulowa m'khadimo. Koma pali munthu mmodzi amene amandichititsa chidwi kuposa onsewa. Iyeyu sabwera kudzatenga nyimbo, amabwera nayo. Amasolola fulashi m'thumba, kupereka moni mwaulemu, kenako n'kupempha kuti, "Akulu, muziikako iyi mukamabenera anthu." Nyimbo imene anagulitsira matumba a soya kuti aijambule akuipereka ulere, ndipo wobenayo akavomera, mwini nyimbo ndiye amathokoza.

Kuti nyimboyo ifike pa fulashi yadutsa m'manja ambiri, ndipo dzanja lililonse latapapo. Woimba wa ku Malomo, ku Nambuma kapena ku Mvera amayamba walipira galimoto kapena njinga yamoto. Situdiyo imene akupitako nthawi zambiri ndi kachipinda kuseri kwa golosale, makoma ake okutidwa ndi zidutswa za matiresi kuti mawu asamabwerere. Maikolofoni ndi imodzi. Ng'oma, besi, gitala ndi malipenga zonse zimatuluka m'kiyibodi ndi m'kompyuta ya wojambula. Chigayo chapafupi chikayamba kulira, ntchito imaima. Magetsi akathima, onse amatuluka kukakhala pakhonde. Zikayenda bwino, woimba amaima yekha m'kachipinda kotentha, zomvera zili m'makutu, thukuta lili kamukamu, akubwereza mzere umodzi mpaka wojambula atasiya kunena kuti, "Bwerezaninso, mpweya wathera panjira." Akatuluka apo pali wojambula kanema, pali wopanga chithunzi, pali data yotumizira nyimboyo m'magulu a WhatsApp. Zimafanana ndi mlimi wa fodya wa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, amene belo lake likagulidwa ku okushoni amapeza kuti wathiransipoti, wangongole ya feteleza ndi ena onse adulapo kale zawo, iye n'kulandira zotsala, ngati zilipo.

Mukawafunsa, aliyense ali ndi mbali yake, ndipo palibe amene akunama. Wojambula amati zida anagula ndi ndalama zake, lendi imamudikira mwezi uliwonse, ndipo oimba ambiri amalipira theka n'kusowa. Wobena amati iye ndiye wailesi ya kumudzi, popanda iye nyimbo ya mnyamata wa ku Kamsonga ingamveke kuti? Amayi a kwaya ya chigwirizano amati iwo saimbira ndalama, akutumikira Mulungu, komabe amasonkha kwa miyezi, ena kuchita kugwira ganyu m'minda, kuti chimbale chituluke. Wokonza zoimbaimba amati anthu akuno amazungulira mpanda kudikira kuti pakhomo atsegule ulere. Woimba mwiniwake mawu ake ndi ochepa: "Bola dzina lidziwike kaye, ndalama zibwera." Mawu amenewa ndi amene amandisowetsa mtendere, chifukwa mbiri ya ntchitoyi ikuonetsa kuti dzina limatha kufika kutali kwambiri ndalama zisananyamuke n'komwe.

Mawu a anthu a m'mapiri ano anayamba kalekale kutengedwa pa makina. M'zaka za m'ma 1950 Hugh Tracey anayendayenda m'Nyasaland ndi galimoto yonyamula zojambulira, ndipo anafika mpaka ku Visanza, komwe lero timati ku Ntchisi. Nyimbo zimene anajambula zikusungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University, m'dziko la South Africa. Tiyamike kuti zinasungidwa, koma adzukulu a oimbawo ambiri sanamvepo mawu a agogo awo. Dziko litalandira ufulu mu 1964, khomo lalikulu la woimba linali wailesi ya MBC ku Blantyre. Munthu ankapita ndi gitala kapena banjo yake, kuimba pamaso pa maikolofoni, tepi n'kutsala komweko. Ankabwerera kwawo ndi ulemu woti wamveka pa wailesi. Kampani ya Nzeru Record inayesa kutulutsa zimbale kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, koma sinakhalitse.

Nthawi imeneyo ndi imenenso soul ndi funk zinkawomba kuchokera ku America. Achinyamata a m'tauni ankamvetsera Otis Redding, Aretha Franklin ndi James Brown, ndipo magulu oimba m'mahotela ankayenera kudziwa nyimbo zawo kuti alembedwe ntchito. Maimbidwe amenewa amafuna munthu yense. Woimba soul amatulutsa mawu kuchokera pansi pa chifuwa, amalira, amadandaula, amakuwa mpaka pakhosi kusasa, monga anaphunzirira m'matchalitchi a anthu akuda. Funk ndiye ntchito ya gulu: woimba ng'oma ndi wa besi amamenya mwamphamvu kugunda koyamba, gitala n'kumadula tizidutswa pakati, aliyense akusiyira mnzake mpata. Munthu amene anakulira pabwalo la gule kapena la chimtali ku Dowa sangadabwe nazo, pakuti ng'oma zitatu zolankhulana, mtsogoleri woyambitsa ndi gulu lovomera ndi zinthu za kwathu. Kuno malamulo a kavalidwe a 1973 ndi bungwe lounika nyimbo zinachititsa oimba kuyenda mosamala. Ku Zambia zinali zina: James Brown anakaimbako mu 1970, ndipo patapita zaka zochepa Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za m'dzikomo.

M'moto umenewo munatuluka Emanuel Chanda wa ku Kitwe, amene anthu anamupatsa dzina loti Jagari poona kuti kudumpha kwake pansanja kunkawakumbutsa Mick Jagger. Gulu lake la WITCH linasakaniza rock, funk ndi ng'oma za kwawo, ndipo chimbale chawo cha 1975, Lazy Bones!!, chinagwedeza Zambia. Anthu ankadzaza m'maholo mpaka ena kutsala kunja. Kenako mtengo wa kopa unagwa, chuma chinalowa pansi, malamulo oletsa kuyenda usiku anapha zoimbaimba. Jagari anasiya gululo n'kukhala mphunzitsi. Anzake amene anayamba nawo anamwalira mmodzimmodzi, m'zaka zimene Edzi inasesa oimba ambiri a ku Zambia. Iye anafika pokakumba miyala ya mtengo wapatali m'maenje a kutchire kuti adyetse banja. Pamene ankakumba choncho, zimbale zake zakale zinali zikusakidwa ndi anthu osonkhanitsa nyimbo ku Ulaya ndi ku America. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso nyimbo za WITCH mu 2012, kanema wa moyo wake anatuluka mu 2019, ndipo mu 2023 gululo linatulutsa chimbale chatsopano, Zango, mwini wake atadutsa zaka 70. Nkhani imeneyi anthu amaikamba ngati yosangalatsa, ndipo ndi yosangalatsadi. Koma pakati pa 1975 ndi 2012 pali zaka 37, ndipo anzake aja sanazione.

Kwathu kuno Wambali Mkandawire anayenda njira yofananako. Anabadwira ku Congo mu 1952, makolo ake a ku Mlowe m'boma la Rumphi. Anayamba kudziwika ngati woimba wa gulu la Sounds Pentagon ku Blantyre, kenako anatembenuka mtima mu 1978 n'kupereka mawu ake ku nyimbo zauzimu. Mawu akewo anali akuya, olemera, otha kunong'ona ndi kubangula m'nyimbo imodzi. Koma kuti amveke mmene analili, anachita kukajambula ku South Africa, ndipo chimbale chimene chinamutengera kutali, Zani Muwone, chinatuluka mu 2002 ali ndi zaka 50. Anamwalira pa 31 Januwale 2021. Ngati munthu wa luso lotere anadikira chotero, nanga mtsikana woimba kwaya ku Kongwe?

Panali nyengo imodzi imene ntchitoyi inkaoneka ngati iyamba kudyetsa eni ake. M'zaka za m'ma 1990 situdiyo ya Paul Banda ku Balaka inatsegulira khomo oimba ambiri, Lucius Banda anatchuka dziko lonse, ndipo makaseti ankagulitsidwa kudzera kwa O.G. Issa ku Limbe mpaka kufika m'misika ya kumidzi. Nthawi ya fodya mlimi wa ku Madisi ankabwerera kunyumba ndi wailesi yatsopano ndi makaseti angapo m'jumbo. Woimba ankadandaula kuti gawo lake ndi lochepa, komabe linalipo, lowerengeka, logwirika m'manja. Kompyuta, CD yokopera ndi memore khadi zitafika, msika umenewo unagwa. Nyimbo zinachuluka kuposa kale, omvera anachuluka kuposa kale, ogula ndiwo anasowa.

Lamulo silinagone. Bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa ntchito zaluso, lakhalapo kuyambira 1992, ndipo lamulo latsopano la 2016 linatsegula njira yoti pa zipangizo zosungira nyimbo, monga mafoni ndi mafulashi, pazidulidwa kandalama kopita kwa eni luso. Oimba ena alandirapo ndalama zooneka kudzera m'njira imeneyi. Koma kuti ulandire uyenera kulembetsa, nyimbo zako zidziwike kuti ndi zako. Woimba wa ku Nthondo amene sanafikepo ku ofesi ku Lilongwe, amene sanasainirane pepala lililonse ndi wojambula, amene nyimbo yake ikuyenda m'mafoni popanda ngakhale dzina lake, ali kunja kwa mpanda. Chowawa china n'chakuti ambiri sasunga n'komwe master, nyimbo yoyambirira ija yosapanikizidwa. Imatsala m'kompyuta ya situdiyo, kompyutayo ikafa nyimbonso yafa, kutsala kope lophwanyika la pa WhatsApp. Oimba a ku Zambia aja anapezanso mwayi chifukwa panali zimbale ndi matepi zoti munthu n'kuzigwira. Wa lero adzagwira chiyani?

Agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, anaimba moyo wawo wonse ndi gitala yawo. Mu 2020 Patience Namadingo anaimba nawo, ndipo nyimbo yawo ya Linny Hoo inafalikira pa TikTok mpaka kuonedwa kamamiliyoni ambiri m'maiko amene eni nyimbo sanapondeko. Anthu akufuna kwabwino anawathandiza, ndipo n'zoyamikika. Komabe thandizo ndi chifundo, si malipiro. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Kutchuka kwa pa intaneti kwa oimba athu ambiri kukadali pachala.

Kuti anthu a m'mapiri ano amakonda nyimbo, umboni uli ku Dzaleka. Malo amene kale anali ndende ya andale anasanduka msasa wa othawa kwawo mu 1994, ndipo mu 2014 mlakatuli wochokera ku Congo, Trésor Nzengu Mpauni, wodziwika kuti Menes la Plume, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini. Kulowa ndi ulere. Anthu zikwizikwi amakhamukirako, oimba a ku Congo, Burundi ndi Rwanda n'kusinthana nsanja ndi a ku Malawi, magitala enieni ndi ng'oma zenizeni zikulira pakati pa fumbi la Dowa. Mabanja a mumsasa amalandira alendo, ogulitsa chapati ndi nyama yootcha amapeza kangachepe. Pamenepo munthu amaona ndi maso kuti nyimbo imayendetsa ndalama. Funso limangotsala la amene zikumufikira.

Ine ndikuti woimba ndi wantchito, monga mmisiri wina aliyense, ndipo tiyambe kumuona chotero. Woitana gulu ku ukwati agwirizane nalo mtengo lisanakwere galimoto, osati kulilipira ndi nsima ndi mawu othokoza. Mpingo umene kwaya yake yajambula chimbale usunge master m'malo awiri ndi kulemba maina a opeka nyimbo. Wojambula ndi woimba alemberane, ngakhale pa pepala la m'kope. COSOMA ifike pa Mponela ndi pa boma la Ntchisi tsiku la msika, ikalembe oimba komwe ali. Ndipo ife omvera, amene timadziwa nyimbo zawo pamtima, tilowere pakhomo ndi ndalama m'manja. Jagari analandira zake atakalamba, agogo Chalamanda anatchuka kunja atadutsa zaka 90. Ntchito imene malipiro ake amafuna kuti munthu akhale ndi moyo wautali chotero ili ndi ngongole kwa antchito ake, ndipo ena mwa oyenera kubweza ngongoleyo ndife.