Mwana Wosakhazikika pa Phunziro la Katekisimu

Akatekisiti a m'maparishi a ku Mulanje amawadziwa ana osatha kukhala pansi, oiwalaiwala ndi odula anzawo mawu. Ena mwa iwo ali ndi vuto lotchedwa ADHD, lochokera m'kagwiridwe ntchito ka ubongo. Si mwano, ndiponso si ziwanda. Limapezeka mwa ana pafupifupi 5 pa 100 alionse, limayamba mwana asanakwanitse zaka 12, ndipo ambiri amakula nalo.

Chikwapu chimangoonjezera manyazi. Mwana wotere mumukhazike kutsogolo, mumuuze chinthu chimodzi pa nthawi, mumutume kugawa mabuku kuti awongoleko miyendo. Wovuta kutchalitchi kokha, mwina phunzirolo ndilo latalika. Koma vutoli likamaonekanso kunyumba ndi kusukulu, makolo apite naye ku chipatala cha boma cha Mulanje kuti akamuyeze.