Pamene Yankho Loona Likhala Loposa Limodzi

Pa mpikisano wa mafunso wa ana a sukulu, wofunsa amakhala ndi pepala m'manja, ndipo pa pepalalo funso lililonse limakhala ndi yankho limodzi lokha. Mwana akanena zosiyana ndi zolembedwazo, malikisi amapita ku sukulu ina ija, ndipo nthaŵi zina funso limodzi lomwelo ndilo limachititsa kuti gulu lonse libwerere kwawo litagonja. Kaŵirikaŵiri mwanayo amakhaladi ataphonya. Koma alipo mafunso ena amene aphunzitsi amakanganirana mpikisano utatha, wina atagwira buku ili, wina buku ilo, onse aŵiri nkukhala akunena zoona.

Lotchuka mwa mafunso otere ndi la mtsinje wautali kuposa yonse pa dziko lapansi. Mabuku ambiri amati ndi Nile, wa makilomita pafupifupi 6,650, ndipo Amazon wa ku South America amamuika pachiŵiri ndi makilomita pafupifupi 6,400. Komatu mtsinje suyezedwa ngati nsalu ya m'sitolo. Woyeza ayenera kuyamba wasankha pamene mtsinjewo uyambira. Nile amatuluka m'nyanja ya Victoria pa Jinja, m'dziko la Uganda, koma nyanjayo imalandira madzi kuchokera mu mtsinje wa Kagera, umene magwero ake ali m'mapiri a ku Rwanda ndi Burundi. Kodi kuyeza kuyambire pa Jinja kapena ku mapiriko? Amazon ndiye ali ndi vuto mbali zonse ziŵiri: magwero ake ndi timitsinje tambiri ta m'mapiri a Andes ku Peru, ndipo ku mathiriro ake madzi amagaŵikana mozungulira zilumba asanaloŵe m'nyanja ya Atlantic. M'chaka cha 2007 akatswiri a ku Brazil adanena kuti, poyambira ku gwero lakutali la kummwera kwa Peru, Amazon ndiye apambana Nile. Akatswiri ena sadavomereze, ndipo nkhaniyo siidathe. Tsono mwana amene wayankha kuti Amazon sangatchedwe mbuli. Chosakanganitsa ndi kuchuluka kwa madzi, pakuti pamenepo Amazon alibe wopikisana naye.

Phiri nalonso lili ndi msampha wake. Everest ndi lalitali mamita 8,848.86 kuchokera pa mulingo wa nyanja ya mchere, malinga ndi muyeso umene maiko a Nepal ndi China adalengeza m'chaka cha 2020. Koma phiri la Mauna Kea ku Hawaii, limene limaonekera mamita pafupifupi 4,200 okha pamwamba pa madzi, tsinde lake lili pansi pa nyanja, ndipo loyezedwa kuchokera patsinde pomwepo limaposa Everest. Winanso angatchule Chimborazo wa ku Ecuador, chifukwa dziko lapansi ndi lotukuka pang'ono chapakati, motero nsonga ya phiri limeneli ndiyo ili kutali kwambiri ndi pakatikati pa dziko. Apa mlandu uli ndi wolemba funso. Akadawonjeza mawu akuti "kuchokera pa mulingo wa nyanja," sipakadakhala chokanganirana.

Mayankho ena amangokalamba. Likulu la Malaŵi lidali Zomba mpaka 1975 pamene lidasamukira ku Lilongwe, ndipo la Nigeria lidachoka ku Lagos kupita ku Abuja mu 1991. Dziko lalikulu kuposa onse mu Africa lidali Sudan mpaka 2011, pamene South Sudan adapatuka, malowo nkutengedwa ndi Algeria. Mapulaneti ozungulira dzuŵa ankaŵerengedwa 9, koma mu 2006 akatswiri a zakuthambo atasonkhana ku Prague adachotsa Pluto m'gululo, nkutsala 8. Mikangano ya mtundu umenewu ndi yosavuta kuithetsa: ndi kungoona chaka chimene buku lidasindikizidwa, pakuti m'masukulu ambiri buku lakale silitayidwa msanga.

Lovuta kuposa onsewa ndi funso limene lakhala likumveka m'makalasi kwa zaka zambiri, lakuti: adatulukira nyanja ya Malaŵi ndani? Yankho la pa pepala ndi David Livingstone, amene adafika pa nyanjayi mu September 1859 atakwera motsata mtsinje wa Shire. Koma wamalonda wina wa Chipwitikizi, Candido da Costa Cardoso, akuti adaiona kale mu 1846, ndipo Mjeremani Albrecht Roscher adafika ku gombe la kuvuma patangopita miyezi yochepa Livingstone atafika. Choncho ngakhale pakati pa Azungu okhaokha, ulemu wa kukhala woyamba uli ndi oulimbirana.

Komabe mawu ovutitsa m'funsoli ndi akuti "adatulukira." Pamene Livingstone ankafika, m'mbali mwa nyanjayi mudali kale midzi. Asodzi ankapalasa mabwato awo ndi kuponya makoka, ndipo amalonda ankaoloka ndi katundu kupita ku gombe la nyanja ya India. Dzina lomwe lakuti Nyasa, limene iye adalemba pa mapu, adachita kulimva kwa eni dera, ndipo m'Chiyao tanthauzo lake ndi nyanja basi. Chimene Livingstone adachita, ndipo si chaching'ono, ndi kulongosola za nyanjayi m'mabuku amene adaŵerengedwa ku Ulaya, zimene zidakopa amishoni amene adafika ku Cape Maclear mu 1875. Funso likakhala lakuti, ndani adadziŵitsa anthu a ku Ulaya za nyanjayi, yankho la pa pepala liima bwino lomwe. Likakhala monga lifunsidwira nthaŵi zambiri, mwana wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi amene wayankha kuti makolo ake ndiwo adayamba kuiona amamanidwa malikisi, chonsecho pa onse amene ali m'chipindamo palibe angamutsutse.