Kuumba Mkuwa Kuti Nyali Yakale Iyakenso

Magalimoto asanachuluke, anthu opata a ku Ulaya ankayenda pa ngolo zokokedwa ndi akavalo. Sizinali ngolo zotutira chimanga ngati zathu za ng'ombezi ayi. Zinali ndi mipando yawofuwofu, denga ndi zitseko, ndipo kutsogolo kwake, mbali ino ndi mbali inayo, ankaikako nyali. Karl Benz adapanga galimoto yake yoyamba ku Germany m'ma 1880, ndipo pofika m'ma 1920 ngolo zambiri za m'mizinda zinali zitasiyidwa.

Komabe zina zilipo mpaka lero. Ku London, banja lachifumu limasunga ngolo zake pamalo otchedwa Royal Mews, ndipo limazitulutsa pa maukwati ndi pa miyambo ya boma. Ku Lisbon, likulu la Portugal, kuli nyumba yosungiramo ngolo zakale yomwe idatsegulidwa mu 1905. Aliponso anthu wamba amene amasunga ngolozi chifukwa chongozikonda.

Tsono vuto nali. Nyali ya zaka zoposa 100 ikataya kachiwalo kamodzi, mwini wake akagula kuti? Mafakitale amene ankapanga nyalizi, monga a mumzinda wa Birmingham ku England komwe ntchito ya mkuwa idakula kwambiri, adasiya kale kuzipanga. Chotsala n'kupeza mmisiri woti aumbe kachiwalo kena kofanana ndi kotayikako.

Nyaliyo njotani?

Nyali zambiri za pa ngolo zinkayaka ndi kandulo. Mwina mufunsa kuti, "Nanga kandulo ikamasungunuka, moto sutsika pansi?" Apa m'pamene padagona nzeru. Kunsi kwa nyali kumakhala paipi, ndipo m'paipimo muli sipuling'i. Kandulo imakhala pamwamba pa sipuling'iyo. Kukamwa kwa paipi kuli kachipewa kachitsulo kokhala ndi bowo, ndipo chotulukira pabowopo ndi chingwe cha kandulo chokha. Kandulo ikamatha, sipuling'i imaikankhira m'mwamba. Motero lawi limakhala pamalo amodzi usiku wonse, patsogolo penipeni pa mbale yonyezimira imene imaponya kuwala kunja. Pamwamba pa nyali pali chumuni chotulutsira utsi, chovala kachisoti koletsa mvula ndi mphepo.

Kachipewa ka kandulo kakasowa, sipuling'i imangoponya kandulo m'mwamba, nyali yonse n'kukhala yopanda ntchito. Onani kuti tiziwalo tonse tatchulati, kachipewa, kachisoti ndi mbale yonyezimira, n'tobulungira. Thupi la nyali lokhala ndi ngodya zinayi amalipinda ndi kulimata monga achitira anzathu okhoma zidebe pamsika. Koma tobulungirati timafuna luso lina.

Mmene amaumbira

Mmisiri amagwiritsa ntchito makina ozunguza zinthu otchedwa lathe. Choyamba amayeza kachiwalo kakale. Ngati kadatayika, amayeza ka pa nyali inzake, poti nyalizi zinkayenda ziwiriziwiri. Kenaka amasema chikombole kuchokera ku mtengo wolimba wa kwawoko, monga maple kapena beech. Chikombole ichi n'chosiyana ndi cha njerwa. Pa cha njerwa dothi limalowa m'kati, pamene apa mkuwa umavala chikombole kunja, monga chipewa chivalira mutu.

Mkuwa ulipo wofiira, umene ena amati kopa, ndi wachikasu, umene amati bulasi. Wachikasu ndi wosakaniza. Umene umaumbika bwino umakhala ndi magawo 70 a kopa ndi magawo 30 a zinki pa 100 alionse. Mmisiri amadula lata lopyapyala la mkuwa kuti likhale lozungulira ngati chivundikiro cha poto. Amalipanikiza pakati pa chikombole ndi kathabwa kena kuti lisasunthe, n'kuyatsa makina. Latalo limazungulira maulendo mazanamazana pa mphindi imodzi. Amalipaka sopo, phula la njuchi kapena mafuta a nyama kuti literere.

Chida chake ndi ndodo yachitsulo yosalala kunsonga, ya mpini wautali wamtengo. Mpiniwo amaupanira m'khwapa, ndodo n'kuitsamiritsa pa kamsomali kokhomedwa pa makinawo. Sakankha ndi manja okha ayi. Amapendeka thupi lonse. Nsonga ya ndodo imayenda kuchokera pakati pa lata kupita kumphepete, n'kubwerera, n'kupitanso. Ulendo uliwonse lata limagonako pang'ono. Poyamba limaoneka ngati mbale yafulati, kenaka ngati bakuli, pomaliza lakumbatira chikombole chonse. Amene mudaonapo mayi akuumba mbiya mukudziwa mmene dothi limamvera chala. Apanso mkuwa wozizira umamvera ndodo chimodzimodzi, ngakhale palibe nyundo imene yaugunda.

Musaganize kuti luso limeneli lili kutali nanu. Mapoto ambiri a aluminiyamu amapangidwa m'njira yomweyi. Tengani poto wanu, muyang'anitsitse m'kati ndi kunja kwake. Mukaona timizere tozungulira tating'onoting'ono, dziwani kuti mwina ndi mapazi a ndodo ija.

Mkuwa umatopa

Pano tikhalitsepo pang'ono, chifukwa mpomwe pamasiyanirana mmisiri weniweni ndi wongoyamba kumene.

Tengani waya, muupinde uku ndi uku pamalo amodzi. Poyamba umapindika mosavuta. Kenaka pamalo pajapo pamauma, ndipo mukapitiriza umangoti thyo! Mkuwa nawonso umatero. Ukamakankhidwa umanka nuuma, ndipo ukauma mopitirira umang'aluka. Kachiwalo kakang'aluka pa makina palibe kukonza, n'kotaya basi. Lata lapita, nthawi yapita.

Mmisiri wodziwa sadikira mng'alu. Amamva m'khwapa mwake kuti mkuwa wayamba kukana. Pamenepo amazimitsa makina, n'kuchotsa kachiwaloko, n'kukawotcha mpaka kayambe kufiirira, kufiira kwa khala lomwe likuzilala. Ambiri amawotchera pamalo amdima pang'ono kuti aone bwino mtunduwo. Kakazizira kamakhala kofewanso, ndipo amakabwezera pa chikombole. Kachisoti kozama kangafune kuwotchedwa kangapo kasanathe.

Apa pali chodabwitsa. Wosula nkhwangwa akaviika chitsulo chofiira m'madzi, chitsulocho chimalimba. Mkuwa suli choncho. Ngakhale muuviike m'madzi, ukhalabe wofewa. Chouumitsa ndi kuupinda ndi kuukankha.

Zovuta zina ziwiri ndi izi. Mukakankhira kumphepete kokhakokha, lata limapyapyala mpaka kubooka. N'chifukwa chake ndodo imabwereranso pakati, kuti ibweze mnofu wa mkuwa. Mukafulumira, mphepete imachita makwinya ngati tsamba la fodya, ndipo makwinya akagona pa chikombole savomera kuwongoka. Mmisiri amachirikiza mphepeteyo kumbuyo ndi kamtengo kuti isagwedere. Kuthamanga sikufika. Ndipo tisaiwale, mphepete ya lata lozungulira njakuthwa kuposa mpeni. Malaya a manja olendewera safunika pafupi ndi makina amenewa.

Nanga kachiwalo kokhala ndi mimba yaikulu ndi khosi laling'ono, ngati mtsuko? Chikombole chituluka bwanji? Amachipanga cha zidutswa zingapo zolumikizana. Ntchito ikatha amasolola chidutswa chapakati, zinazo n'kumasuka, n'kutuluka chimodzichimodzi.

Bwanji osangopita ku fakitale?

Fakitale imadinda zinthu zotere ndi zikombole zachitsulo cholimba. Makina akagunda kamodzi, chinthu chatuluka. Koma zikombole zachitsulo n'zodula kwambiri, ndipo zimapindulitsa pokhapokha mukufuna zinthu zikwizikwi zofanana. Mwini nyali akufuna kachipewa kamodzi kapena tiwiri. Chikombole chamtengo chimasemedwa tsiku lomwelo, ndipo chikalakwika amasema china. Pa ntchito ya chinthu chimodzi, mmisiri ndi ndodo yake amaposa fakitale.

Mkodzo wa akavalo

Pali mdani wina wa mkuwa wachikasu amene simungamuganizire. Asilikali a ku Britain amene anali ku India adaona kuti zikhokho zamkuwa za zipolopolo zawo zinkang'aluka zokha m'nyengo ya mvula. Padapita zaka anthu akudabwa. Mu 1921 akatswiri adafotokoza gwero lake. Zipolopolozo zinkasungidwa m'makola a akavalo, ndipo mkodzo wa akavalo umatulutsa mpweya wotsamwitsa wotchedwa amoniya. Mpweya umenewu ukakumana ndi chinyezi pa mkuwa umene udaumitsidwa poumba, mkuwawo umang'aluka popanda woukhudza.

Tsono ganizirani kumene ngolo ndi nyali zake zinkagona: pafupi ndi khola la akavalo. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene mkuwa wakale wotere umapezekera ndi ming'alu yoyenda ngati mitsitsi. Mmisiri wosamala akamaliza kuumba amatenthetsanso kachiwalo katsopano pang'ono, osafika pofiira, kuti mkuwa upumule. Amapewanso mankhwala opukutira okhala ndi amoniya.

Kumaliza ntchito

Kachiwalo kakakhala bwino pa chikombole, mmisiri amadula mphepete yotsala makina akuzungulirabe. Nthawi zina amaipinda kuti ichite mlomo wobulungira, wosacheka chala. Mabowo a utsi amawaboola pambuyo. Mbale yonyezimira amaitumiza kwa ena kuti akaikute ndi siliva. Kenaka amalumikiza chatsopano ku chakale ndi mtovu womatira, mosamala, chifukwa moto ukachuluka umasungunula malo ena amene adamatidwa kale, nyali n'kuphwasuka m'manja.

Mkuwa watsopano umati waliwali, pamene wakale ndi woderako. Ena amadetsa watsopanowo kuti zifanane. Kutero sikulakwa, malinga ngati mwini nyali wauzidwa. Kulakwa kumabwera pamene wogulitsa abisa, nanena kuti nyali yonse ndi yakale, pofuna kukweza mtengo. Nyumba zosungiramo zinthu zakale zimalemba m'kaundula chilichonse chimene chasinthidwa, ndipo ine ndimaona kuti mwambo umenewo ndi woyenera mmisiri aliyense.

Kuyesa komaliza n'kwa kandulo. Amailowetsa m'paipi, n'kutseka kachipewa, n'kuyatsa, n'kuyang'anira. Bowo likakula, phula limatayikira m'paipi n'kumata sipuling'i. Likachepa, lawi limatsamwa. Zikatero mmisiri amabwerera ku chikombole chake, n'kudula lata lina.